ZA M'MAIKO ENA: Kagalimoto Kotsata Nyumba Yoyenda

Pa miseu ikuluikulu ya ku United States ndi ku Canada pamaoneka zodabwitsa kwa mlendo wocokera ku Zambia. Galimoto yaikulu ngati basi imadutsa, ndipo pambuyo pace pamatsata kagalimoto kakang'ono, kukhota pamene yaikuluyo yakhota ndi kuima pamene yaima, koma m'kati mwace mulibe munthu ndipo injini yace ndi yozima.

Galimoto yaikuluyo ndiyo nyumba yoyenda, imene eni ace amaicha motorhome. M'kati mwace muli kama, mophikira, mosambira, cimbudzi ndi thanki ya madzi, kotero kuti banja lingathe kukhalamo miyezi yambiri osagona m'hotela. Kampani ya Winnebago ya mu mzinda wa Forest City ku Iowa inayamba kupanga nyumba zoterezi m'caka ca 1966 pa mtengo wotsika kuposa wa makampani ena, ndipo kucokera pamenepo zinaculuka. Lero mafakitale ambiri opanga nyumba zoyenda ali ca ku Elkhart m'cigawo ca Indiana.

Ambiri mwa eni nyumbazi ndi anthu acikulire amene anapuma pa nchito. Ena amagulitsa nyumba yao ya njerwa n'kuika cuma cao conse m'nyumba ya mawilo. Cisanu cikayamba kumpoto iwo amalowera kum'mwera kofunda, ndipo mwezi wa January zikwi zambiri za anthuwa zimasonkhana m'cipululu pafupi ndi kamzinda ka Quartzsite ku Arizona.

Koma nyumba yoyenda iri ndi bvuto lace. Zikuluzikulu zimafika mafiti 45 m'litali, ndiye kuti mamita pafupifupi 14, ndipo zoyendera petulo zimatha lita imodzi pa makilomita 3 kapena 4 okha. Ikafika pa msasa imalumikizidwa ku mpope wa madzi ndi ku magetsi, n'kuikidwa pa majeke kuti isapendekeke. Kumasula zonsezi cifukwa cofuna kukagula buledi ndi ndiwo ndi nchito yotopetsa. Ndiponso malo okongola amene anthuwa amayendera, monga mapiri a miyala yofiira a ku Moab m'cigawo ca Utah, ali ndi tinjira ta miyala ndi mcenga m'mene cigalimoto cotere sicingalowe. N'cifukwa cace amakoka kagalimoto ka m'chire. Amakacha dinghy, dzina la kabwato kamene kamamangidwa kumbuyo kwa combo cacikulu, kapena toad, ndiye kuti cule, popeza m'Cingerezi liu limeneli limamveka mofanana ndi liu lotanthauza cinthu cokokedwa.

Munthu wodalira penshoni kawirikawiri sangathe kugula galimoto yatsopano ya nchito imeneyi, tsono amafunafuna yakale yochipa. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Galimoto ingakhale yolimba m'chire, yotsika mtengo ndi yosalala thupi, koma ngati sinapangidwe kuti izikokedwa mawilo ali pansi, ingathe kufa pa ulendo woyamba, ndipo ndalama zoikonzera nthawi zina zimaposa zimene anaigulira. Wogula wanzeru amayamba wafunsa za m'mene galimotoyo inapangidwira m'kati ndi za kulemera kwace. Za mtengo zimabwera pambuyo.

NJIRA ZITATU ZOKOKERA

Pali njira zitatu zotengera galimoto kumbuyo kwa nyumba yoyenda. Yoyamba ndiyo kuikweza yonse pa tirela. Njira imeneyi siononga kanthu m'galimoto yonyamulidwayo, ndipo galimoto ya mtundu uliwonse ingatengedwe motero. Koma tirela ndi yodula, payokha imalemera makilogalamu mazana ambiri, ndipo pa msasa imafuna malo ace oikapo, amene eni msasa ena amalipiritsa padera.

Yaciwiri ndiyo kangolo ka mawilo awiri kochedwa dolly. Pa kangoloka amakwezapo mawilo akutsogolo okha, akumbuyo n'kumagubuduka pansi. Njirayi imayenera magalimoto a m'tauni amene injini yao imayendetsa mawilo akutsogolo. Kwa magalimoto ambiri a m'chire ndi yoletsedwa. Buku la malangizo la Jeep Wrangler, mwacitsanzo, limaikana.

Yacitatu, imene ambiri amaikonda, ndiyo kukoka galimoto mawilo onse anai ali pansi. Pa felemu ya kagalimotoko, kutsogolo, amamangapo citsulo colimba, ndipo mikono iwiri yacitsulo yokumana ngati cilembo ca A imalumikiza citsuloco ndi nyumba yoyenda. Kukoloweka ndi kumasula kumatenga mphindi zowerengeka, ndipo munthu mmodzi angathe kucita yekha. Ciwongolero ca kagalimotoko cimasiyidwa cosakiya kuti mawilo akutsogolo azitsata okha pokhota. Cobvuta cace n'cakuti woyendetsa sangabwerere m'mbuyo. Akayesa, mawilo a kagalimotoko amapotokera kumbali ndipo mikono yacitsulo ija imapindika. Akalowa njira yosatuluka, ayenera kutsika, kumasula, ndi kutembenuza magalimoto awiriwo iriyonse payokha.

CINSINSI CIRI M'BOKOSI LA MAGIYA

Bokosi la magiya ndi lodzaza ndi mano acitsulo ozungulira mofulumira, ndipo moyo wa zitsulo zimenezi ndi oilo. M'galimoto ya otomatiki, yosintha yokha magiya, oiloyo amakankhidwa ndi pampu, ndipo pampuyo imazunguzidwa ndi injini. Injini ikazima, pampu nayo imaima. Tsono galimoto ikamakokedwa, mawilo amazunguza shafiti, shafiti imazunguza za m'bokosi, ndipo zitsulo zimapekesana zouma mpaka kutentha ndi kupsa. Kuika giya pa N sikucotsa bvutoli, cifukwa mbali ya bokosi yolumikizana ndi mawilo imazungulirabe. Ngakhale mabokosi ena osinthidwa ndi dzanja ali ndi bvuto lomweli, popeza mano amene amawaza oilo m'mwamba amazungulira pokhapokha injini ikulira.

Galimoto yeniyeni ya m'chire iri ndi kabokosi kaciwiri kumbuyo kwa bokosi la magiya, kochedwa transfer case, kamene kamagawira mphamvu ku mawilo akutsogolo ndi akumbuyo. Amene anakwerapo Hilux kapena Land Cruiser yakale amakadziwa kandodo kafupi koyandikana ndi ndodo ya magiya, kolembedwa H2, H4, N ndi L4. Kandodo kameneka kakaikidwa pa N, mawilo amalekana ndi bokosi la magiya. Amagubuduka okha, bokosilo liri cete. Ici ndico cifukwa cace magalimoto a m'chire ndiwo amakondedwa pa nchito yokokedwa.

Komabe kabokosi kaciwirika nako kamafuna oilo, ndipo apa magalimoto amasiyana. Mu Jeep Wrangler ndi Jeep Cherokee zakale, kapampu ka m'kabokosika kamazunguzidwa ndi shafiti yopita ku mawilo akumbuyo, kotero kuti galimoto ikamakokedwa oilo amayendabe. Mu Suzuki Sidekick ndi mbale wace Geo Tracker zinthu siziri tero. Buku lao limalamula kuti liwiro lisapitirire mamailosi 55 pa ola, ndiye kuti makilomita pafupifupi 90, ndi kuti woyendetsa aziima pa mamailosi 200 alionse n'kuliza injini ya kagalimotoko mphindi imodzi, kuti oilo afike ponseponse. Ndipo kukhala ndi cilembo ca N pa kandodo sindiko cilolezo. Kampani ya Toyota imaletsa kukoka motere magalimoto ace ambiri a m'chire ogulitsidwa ku America, ngakhale kuti ndi olimba kwambiri.

Magalimoto ambiri amakono ooneka ngati a m'chire alibe kandodoka. Mphamvu imagawidwa yokha ku mawilo onse anai, ndipo palibe njira yolekanitsira mawilo ndi bokosi. Nthawi zina dzina la galimoto limakhala lomwelo koma za m'kati zitasintha. Honda CR-V inali kuloledwa kukokedwa kufikira ya caka ca 2014. Ya 2015 inabwera ndi bokosi la mtundu wina lochedwa CVT, ndipo cilolezoco cinathera pomwepo. Magalimoto awiriwa ataimikidwa pamodzi, munthu wamba sangaone kusiyana kumene kungamuonongetse ndalama zambiri. Woweruza wotsiriza pa nkhaniyi ndi buku la malangizo la galimotoyo, la caka comweco, pa mutu wonena za kukokedwa kumbuyo kwa nyumba yoyenda. Mau a wogulitsa salipira makaniko. Akulu anati safunsa anadya phula.

KULEMERA NDI MABULEKI

Mlimi aliyense wa ngolo amadziwa zimene zimacitika potsetsereka ngolo itadzaza cimanga. Katundu amene ng'ombe zinali kukoka amayamba kuzikankha, goli limakwera m'makosi, ndipo ngati palibe cogwira mawilo ngolo imagwetsa ng'ombe zace zomwe. Zomwezi zimacitika kwa nyumba yoyenda potsika mapiri a Rocky iri ndi galimoto kumbuyo.

Cokolowekera ca nyumba zoyenda zambiri za petulo cinapangidwa kuti cikoke mapaundi 5,000, ndiye kuti makilogalamu 2,268. Zikuluzikulu za dizilo zimakoka mapaundi 10,000 kapena kuposa, koma zimenezo ndi za anthu olemera. Palinso malire ena amene opanga amalemba, a kulemera kwa nyumbayo pamodzi ndi cimene ikukoka. Pamenepa pamawerengedwa zonse: anthu, cakudya, mafuta, zida ndi madzi, ndipo lita iriyonse ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Banja limene ladzaza thanki ndi makabati lingapeze kuti latsala ndi mpata wocepa kuposa umene walembedwa pa cokolowekera. Galimoto yopepuka imasunga mafuta, siitenthetsa injini pokwera phiri ndiponso siibvuta kuimitsa.

Zigawo zambiri za United States ndi Canada ziri ndi lamulo lakuti cokokedwa colemera kupitirira malire ena cikhale ndi mabuleki ace. M'malo ambiri malirewo ali pa mapaundi 3,000, ndipo kwina ndi otsikirapo. Cotero m'kagalimoto kopanda munthuko amaikamo makina amene amaponda buleki nthawi imene woyendetsa nyumbayo waponda yace. Pamakhalanso kacingwe kamene kamamanga mabuleki ngati kagalimotoko kathothoka n'kuyamba kuyenda kokha, zingwe ziwiri zacitsulo zokagwira mikono ija ikaduka, ndi mawaya oyatsa nyali zakumbuyo pamodzi ndi za nyumbayo.

MAGALIMOTO AMENE AMASANKHIDWA

Mfumu ya magalimoto okokedwa ndi Jeep Wrangler. Ndi mdzukulu wa kajipi ka asilikali kamene makampani a Willys ndi Ford anapanga oposa 600,000 pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, pakati pa 1941 ndi 1945. Wrangler imakokedwa popanda zobvuta zambiri, zitsulo zace zimapezeka m'tauni iriyonse ya ku America, ndipo imakwera miyala imene magalimoto ena amalephera. Koma popeza aliyense amaifuna, mtengo wace sutsika msanga ngakhale itakalamba. Wa ndalama zocepa amayang'ana ya zitseko ziwiri yopangidwa pakati pa 1997 ndi 2006, yolemera makilogalamu pafupifupi 1,500. Ya zitseko zinai, imene inayamba mu 2006, imayandikira matani 2, ndipo ikaikidwa matayala aakulu ndi zitsulo zina zokometsera imafika pafupi ndi malire a cokolowekera.

Yochipirapo ndi Jeep Cherokee yakale, imene inapangidwa ku America kucokera mu 1983 kufikira mu 2001. Iri ndi malo a anthu asanu ndi katundu, denga lace ndi lacitsulo, ndipo injini yace ya malita 4, ya masilinda 6, inachuka cifukwa ca kukhalitsa. Koma wogula acenjere, pakuti Cherokee zina zinapangidwa zoyendetsa mawilo akumbuyo okha. Zimenezo zilibe kabokosi kaciwiri kaja, ndipo sizikwaniritsa nchito iriyonse mwa ziwirizi, ya m'chire kapena yokokedwa.

Yopepuka koposa ndi Suzuki Samurai, ya banja limodzi ndi Jimny imene imaoneka m'miseu ya kum'mwera kwa Africa. Inafika ku United States mu 1985. Siikwana tani imodzi, ndipo injini yace ndi ya malita 1.3 okha. Nyumba yoyenda siimva n'komwe kuti ikukoka kanthu. Mu 1988 magazini ya Consumer Reports inalemba kuti galimotoyi imagubuduzika msanga ikakhotetsedwa mwadzidzidzi, ndipo malonda ace anatsika kwambiri. Kampani ya Suzuki inakana mau amenewa n'kukasuma ku khoti, ndipo mlanduwo unatha mwa cimvano mu 2004, pamene Samurai inali italeka kale kugulitsidwa kumeneko mu 1995. Zimene zatsala ndi zakale zaka 30 kapena kuposa, ndipo zosamalika bwino zinakwera mtengo cifukwa ca anthu okonda kusunga magalimoto akale.

Pakati pa ziwirizi pali Sidekick ndi Tracker, zimene zinayamba kugulitsidwa ca kumapeto kwa 1988. Zambiri zinapangidwa ku Ingersoll m'cigawo ca Ontario ku Canada, ndipo Tracker inapitirira ndi dzina la Chevrolet kufikira mu 2004. Ndi zopepuka, sizimwa mafuta ambiri ndipo mtengo wace ndi wofikirika. Bvuto lace ndi zitsulo. Mu 2012 Suzuki inalengeza kuti ikuleka kugulitsa magalimoto ku United States, ndipo mwini galimoto yotere ikamuonongekera m'cipululu angathe kudikira masiku angapo kuti citsulo cimodzi cifike.

NDALAMA ZOBISIKA

Mdani wamkulu wa magalimoto onsewa ndi dzimbiri. M'zigawo zozizira monga Michigan, Ohio ndi New York amathira mcere m'miseu kuti usungunule cipale, ndipo mcerewo umadya zitsulo za pansi pa galimoto. Penti ingawale pamwamba pamene felemu yabooka. Paja cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kwa galimoto yokokedwa zimenezi n'zoopsa kawiri, cifukwa citsulo cokokera cimamangidwa pa felemu yomweyo, ndipo mphamvu yonse ya kukoka ndi kuima imathera pamenepo. Odziwa amagona pansi ndi toci ndi kanyundo asanalipire, kapena amakagula ku zigawo zouma monga Arizona.

Cinanso n'cakuti m'magalimoto ambiri kawoci kowerenga mtunda sikawerenga injini ikazima. Galimoto imene yakhala ikukokedwa zaka zambiri yayenda mtunda wautali kuposa umene ukuoneka. Injini inali kupuma, koma matayala, mabering'i a m'mawilo ndi zitsulo za ciwongolero zinali pa nchito. Zitsulo zimenezi zikakhwepa, mawilo akutsogolo amayamba kugwedezeka mwamphamvu pokokedwa, ndipo m'kati mulibe munthu woti agwire ciwongolero.

Potsiriza pali mtengo wa zida zokokera. Citsulo ca pa felemu, mikono, zingwe, mawaya a nyali, makina a mabuleki ndi malipiro a makaniko, zonse pamodzi zimafika madola zikwi zingapo. Citsulo ca pa felemu cimapangidwira mtundu umodzi wa galimoto, kotero kuti wogula molakwika akasintha galimoto amagulanso cina. N'cifukwa cace galimoto yakale yogulitsidwa ndi mwini nyumba yoyenda mnzace, zida ziri kale m'malo mwace, nthawi zambiri imakhala yochipa kuposa ina yotsika mtengo imene iyenera kuyambidwa kumene.

PHUNZIRO KWA A KUNO

Nyumba zoyenda zokoka kagalimoto sizioneka m'midzi ya ku Petauke, Katete kapena Lundazi. Koma kukoka galimoto kumaoneka kawirikawiri, ndipo zitsulo zimamvera lamulo limodzi kulikonse. Magalimoto ambiri amene aphunzitsi, amalonda ndi alimi akugula masiku ano ndi akale ocokera ku Japan, ndipo oculuka mwa iwo ndi a otomatiki. Galimoto yotere ikafera pa Great East Road, kapena pa mseu wocokera ku Mfuwe kupita ku Chipata, anthu amafulumira kuimangirira ndi cingwe ku lole kapena thirakitala n'kuikoka mpaka ku boma. Imanyamuka iri ndi bvuto laling'ono, mwina batire kapena pampu ya petulo, n'kukafika bokosi la magiya litapsa.

Kuisuntha pang'onopang'ono kaulendo kafupi kuti icoke pa mseu sikuononga kanthu. Ulendo wa makilomita ambiri ndiwo umapha. Njira yabwino ndiyo kuikweza yonse pa lole. Ngati zimenezo sizitheka, mawilo amene injini imayendetsa anyamulidwe asakhudze pansi, kapena makaniko amasule shafiti yaitali yopita ku mawilo akumbuyo pa galimoto yoyendetsa akumbuyo. Galimoto yoyendetsa mawilo onse anai nthawi zonse, yopanda kandodo kaja, yokha siyenera kukokedwa mwa njira ina iriyonse koma kukwezedwa.

Wokhala pa ciwongolero ca galimoto yokokedwa ndi cingwe adziwenso kuti injini ikazima mabuleki amalimba pambuyo popondedwa kawiri kapena katatu, ndipo ciwongolero cimalemera. Kiyi ikacotsedwa, ciwongolero cimadzikiya. Pa zitunda za ku Luangwa zimenezi zingatengetse moyo wa anthu. Ndalama zolipira lole zimawawa tsiku limenelo, koma n'zocepa poyerekeza ndi mtengo wa bokosi la magiya, limene mwina liyenera kucokera ku Lusaka, galimoto iri pa miyala mwezi wathunthu nthawi yotuta. Buku la malangizo, ngati liripo m'kabati ya kutsogolo, liwerengedwe pa tsamba la kukoka cingwe cisanamangidwe.